Nyama za m'Thengo Nza Yani?

Mseu umene ucokera ku Kabulonga ndi Woodlands kulowera kum'mwera cakum'mawa kwa Lusaka uli ndi dzina lakuti Leopards Hill, ndiko kunena kuti Phiri la Anyalugwe. Lero mumseumo muyenda magalimoto usana ndi usiku, ndipo m'mbali mwake muli nyumba za mipanda yaitali, masukulu ndi manda. Palibe amene ayembekeza kukomana ndi nyalugwe kumeneko. Koma dzinalo ndi mboni yakuti pamene pakhala mzinda waukulu wa Zambia panali thengo, ndipo m'thengomo munali nyama. Pamene njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka m'caka ca 1905, a mtundu wa Asoli ndi a mtundu wa Alenje, eni ake a dzikoli, anali kusaka m'madambo ndi m'nkhalango zimene lero zasanduka makomboni ndi mayadi.

Nyamazo zinauthawa mzinda, koma mlandu wao unatsala, pakuti mlandu suola. Kuyambira m'caka ca 1935, pamene likulu la boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka, malamulo a nyama alembedwa mumzinda muno. Ofesi yaikulu ya agemu iri pa Chilanga, kum'mwera kwa mzinda, ndipo nyama yambiri yophedwa mobisa ithera m'miphika ya m'matauni. Funso limene malamulo onsewo ayesa kuyankha ndi limodzi: kodi nyama ya m'thengo mwini wake ndani, ndipo woyenera kudyapo ndani?

LAMULO LA MAKOLO

Ena aganiza kuti Azungu asanadze munthu ali yense anali kupha nyama monga anafunira. Sizinali tero ai. Dziko linali ndi mwini wake, ndiye mfumu, ndipo nyama zinali m'manja mwa mwini dziko. Mlenje akapha njobvu, mnyanga wogwera pansi, wokhudza nthaka, unali wa mfumu, ndipo winawo ndiwo unali wa iye wakupha. Cikopa ca mkango kapena ca nyalugwe sicinali cobvala munthu wamba. Cinali kutulidwa ku bwalo la mfumu. Pa nyama zina zazikulu mwendo kapena cifuwa zinaperekedwa monga mtulo.

Uzimba nawo unali ndi mwambo wake. Akulu ndiwo anali kunena tsiku, makamaka m'cilimwe anthu atatha kukolola, ndipo pogawa nyama anali kuyang'ana amene anayamba kulasa ndi amene anatsiriza. Mafuko ena anali ndi maina a nyama, monga Njobvu, Nguluwe ndi Ngoma, ndipo ambiri sanali kudya nyama ya pfuko lao. Kwa Aila a m'madambo a Kafue kunali uzimba waukulu wochedwa chila, pamene midzi yambiri inasonkhana kuzinga nyama za m'madambo zochedwa lechwe ndi kuzilasa ndi mikondo.

Komatu lamulo la makolo silinathe kulimbana ndi malonda. M'zaka za m'ma 1800 minyanga inakwera mtengo ku India, ku Ulaya ndi ku Amerika. Acikunda anakwera cigwa ca Luangwa kucokera ku Zumbo ndi Feira, Aluya anadza kucokera ku gombe la kum'mawa, ndipo Abisa anasenza minyanga kunka nayo kutali. Mafumu eni ake anagulitsa minyanga kuti apate nsaru, mikanda, onga ndi mfuti za gogodera, ndipo kawiri-kawiri wosenza mnyanga anali kapolo amene anagulitsidwa pamodzi ndi katundu wake. Njobvu zinacepa m'madera ambiri. Tsono cakudza siciimba ng'oma: ca m'ma 1892 unafika mliri wochedwa rinderpest, umene unatsika kucokera kumpoto kwa Afrika, nupha ng'ombe, njati, nchefu ndi njiri zosawerengeka. Pamene Kampani ya British South Africa inayamba kumanga maboma ake, inapeza thengo lopungulidwa kale.

LAMULO LOCOKERA KU LONDON

M'mwezi wa May 1900 maiko a ku Ulaya amene anagawana Afrika anakomana ku London, nalemba cipangano cosunga nyama, mbalame ndi nsomba. Pa msonkhanowo panalibe mfumu ya m'dziko lino ngakhale imodzi. Cipanganoco sicinakhazikike monga lamulo, pakuti maiko ena sanacibvomereze, koma maganizo ake analowa m'malamulo a maiko olamulidwa ndi Angelezi. Cinagawa nyama m'magulu: zosaphedwa konse, monga nyamalikiti, zophedwa mowerenga, ndi zoyesedwa zoononga, zoyenera kucepetsedwa. M'gulu lotsirizali munali mkango, nyalugwe, fisi, mimbulu, anyani ndi ng'ona. Motero nyalugwe, amene cikopa cake cinali ulemu wa mfumu, anawerengedwa pamodzi ndi fisi.

M'caka ca 1904 Kampani inapatula malo m'cigwa ca Luangwa kuti isunge nyamalikiti wa mtundu wopezeka kumeneko kokha, amene anapatsidwa dzina la Thornicroft, bwana wa boma wa ku Petauke. Malowo anatsegulidwanso mu 1911. Pamene boma la Mfumu ya ku Mangalande linalandira dziko m'manja mwa Kampani mu 1924, linapatula malo ena ku Kafue, ndipo mu 1925 linaika lamulo la nyama la dziko lonse.

Apa ndipo pamene cinthu cacikulu cinasinthika. Mwini nyama sanalinso mfumu ya pamudzi koma boma, ndipo mtulo unasanduka laisensi. Laisensi ya njobvu inali ya mtengo umene munthu wa kumudzi sakanatha kuupeza, mfuti zabwino zinali zobvuta kuti munthu wakuda aloledwe kukhala nazo, ndipo pang'ono-pang'ono mbuna, ukonde, khwekhwe ndi moto wozingira nyama zinaletsedwa. Cipangano caciwiri ca ku London, ca 1933, cinalimbitsa ziletsozo. Mlenje amene dzulo anali kuombedwa m'manja pofika pamudzi anasanduka wakuba. Pa nthawi yomweyo Mzungu wa ndalama anali kugula cilolezo ndi kupha nyama monga masewera, ndipo anchito a panjanji, a m'mapulazi ndi a m'migodi yoyamba anali kudyetsedwa nyama ya m'thengo yophedwa ndi mabwana ao. Anthu anaona zonsezi, ndipo sanaiwale.

KUBADWA KWA AGEMU

Mu 1931 ndi 1932 Captain C. R. S. Pitman, mkulu wa zanyama wa ku Uganda, anayendera Northern Rhodesia kuona m'mene nyama zinaliri, ndipo lipoti lake linasindikizidwa mu 1934. Iye analangiza kuti pakhale malo opatulika a nyama, kuti njobvu zoononga minda ziphedwe ndi anthu a boma, ndiponso kuti pakhale dipatimenti yoyang'anira zonsezi. Mwa ici, pa 27 May 1938, malo akulu a m'cigwa ca Luangwa anapatulidwa, ndipo m'zaka za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inakhazikitsidwa dipatimenti ya Game and Tsetse Control. Anthu anafupikitsa dzinalo nangoti agemu.

Dzina la dipatimentiyo lionetsa bvuto limene inabadwa nalo. Kashembe, nchenche yopatsa anthu kaodzera ndi kupha ng'ombe, akhala ndi moyo pa magazi a nyama za m'thengo. Pamene mliri unatha nyama, kashembe anacepa. Pamene nyama zinaculukanso, iye anabwerera. Cifukwa cake agemu omwewo anali kusunga nyama kwina ndi kuzipha kwina, kuti malo a ng'ombe akhale opanda kashembe. Munthu wa kumudzi anazizwa poona kuti iye amangidwa cifukwa ca gwape mmodzi, pamene boma liri kupha nyama zambiri kuseri kwa phiri.

Mu 1950 Kafue inalengezedwa kukhala National Park yoyamba ya dziko lino, malo akulu oposa masikweya kilomita 22,000. Midzi ina ya Ankoya, Akaonde ndi Aila inasamutsidwa, nisiya minda ndi manda a makolo. Mu 1954 linadza lamulo lina, la Fauna Conservation, ndipo m'zaka zomwezo chila analetsedwa.

NZERU YA KWA NSEFU

M'nyengo yomweyo kunacitika kanthu kena kum'mawa, kamene poyamba kanaoneka kakang'ono. Norman Carr, amene anayamba nchito monga wakupha njobvu zoononga minda, anazindikira kuti lamulo lopanda abwenzi pamudzi silingakhale. Ca m'ma 1950 iye anapangana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda kuti apatule gawo la dziko lake m'mbali mwa Luangwa. Alendo anadza kudzaona nyama zamoyo, osazipha, nalipira ndalama, ndipo ndalamazo zinalowa m'thumba la boma la Akunda eni ake. Msasa wa Nsefu unatsegulidwa mu 1951. Kumeneko mtulo wakale unabwera m'maonekedwe atsopano: njobvu inali kupindulira mwini dziko iri yamoyo. Nzeru imeneyi inayamikidwa, koma panapita zaka zoposa makumi atatu boma lisanaiyese m'dziko lonse.

KARIBA NDI UFULU

Mu December 1958 khoma la Kariba linatsekedwa ndipo madzi a Zambezi anayamba kukwera. Agemu a mbali zonse ziwiri za mtsinje anapulumutsa nyama pafupi-fupi 6,000 pa zisumbu, m'nchito imene inachedwa Operation Noah, ndipo zithunzi zake zinafalikira m'manyuzipepala a maiko akutali. Koma madzi omwewo anasamutsa Atonga pafupi-fupi 57,000, ndipo mu September caka comweco anthu asanu ndi atatu a kwa Mfumu Chipepo anaomberedwa ndi apolisi pokana kusamuka. Za iwowa maiko akutali anamva zocepa. Ambiri anatsimikiza m'mitima mwao kuti boma la atsamunda linakonda nyama koposa anthu.

Sikunali kodabwitsa tsono kuti a ndale omenyera ufulu anaika malamulo a nyama pa mndandanda wa madandaulo ao, pamodzi ndi msonkho ndi citupa. M'midzi yambiri anthu anayembekeza kuti tsiku la ufulu lidzakhala tsiku lotsegula thengo. Dandaulo limeneli linamveka ndi m'tauni momwe. Nyumba zozungulira za udzu za ku Kabwata, zimene zina zisungidwa kufikira lero pa Kabwata Cultural Village, zinamangidwira amuna anchito okha, pakuti boma linati kwao kwa munthu wakuda ndi kumudzi. Wanchito wa ku Kabwata kapena wa ku migodi anali ndi phazi limodzi kumudzi, ndipo kamtolo ka nyama yowamba kocokera kwa abale kanali ndiwo ndiponso moni.

Ufulu unadza pa 24 October 1964, koma thengo silinatsegulidwe. Pulezidenti Kenneth Kaunda anali munthu wokonda nyama. Anali kukapumula ku Luangwa, ndipo m'bwalo la State House, pafupi ndi Woodlands ndi Kabulonga, munasungidwa nswala ndi nyama zina. Lamulo la National Parks and Wildlife la 1968 linaika nyama zonse za m'thengo m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse. Mu 1972 mapaki ambiri analengezedwa, pamodzi ndi South Luangwa ndi North Luangwa, ndipo m'mbali mwa mapaki munakhala madera ochedwa Game Management Areas, m'mene anthu akhalamo koma kusaka kufuna cilolezo. M'caka comweco anayamba makalabu a Chongololo m'masukulu, amene pambuyo pake anakhala ndi pulogalamu yao pa wailesi. Mwini nyama anasinthanso, koma kwa munthu wa ku Luangwa mwiniyo anakhalabe ku Lusaka, ndipo ndalama za malaisensi zinali kupita komweko.

ZAKA ZA MFUTI

Mu 1973 akatswiri anawerenga njobvu za m'cigwa ca Luangwa ali m'ndeke, napeza zoposa 80,000. Zinali zambiri kotero kuti m'zaka zapambuyo pa ufulu boma lomwe linali kuphako zina pafupi ndi Mfuwe ndi kugulitsa nyama yake. Koma ca m'ma 1975 mtengo wa kopa unagwa. A ku migodi adziwa bwino cimene cinatsatira: nchito zinacepa, zinthu zinakwera mtengo, ndipo thumba la boma linauma. Agemu anasowa mafuta a galimoto, nsapato ndi zipolopolo. Pa nthawi yomweyo mtengo wa minyanga ndi wa nyanga ya cipembere unakwera kunja, ndipo nkhondo za ku Mozambique, Angola ndi Rhodesia zinadzaza maiko ano ndi mfuti za nkhondo.

Magulu a opha nyama analowa m'mapaki. Wa kumudzi anaona mapazi ao, koma anakhala cete, pakuti ndani adzudzula wakuba m'munda umene iye mwini analandidwa? Ena anawasonyeza njira ndi kuwasenzera katundu, nalandira mcere, nsaru kapena nyama. Koma phindu lalikulu silinatsale kumudzi. Minyanga inadzera m'matauni, m'manja mwa anthu a magalimoto ndi a mapasipoti. Boma linaletsa kusaka njobvu mu 1982, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 njobvu za ku Luangwa zinatsala zosakwana theka. Zipembere zakuda, zimene zinali zikwi zingapo, zinatheratu, ndipo mu 1998 cinanenedwa poyera kuti m'Zambia simunatsale ngakhale cimodzi. Lamulo linalipo, lolembedwa bwino ndi la zilango zowawa, koma linalibe mboni pamudzi.

KUBWEZA GAWO KUMUDZI

Tsoka limeneli linakumbutsa anthu nzeru ya kwa Nsefu. M'cigwa ca Lupande, kwa Akunda komweko, anayesa kulemba anyamata a m'midzi kukhala alonda a nyama ndi kubweza gawo la ndalama za kusaka ku midzi. Mu 1986 inayamba nchito ya Luangwa Integrated Resource Development Project ndi cithandizo ca dziko la Norway, ndipo mu 1988 boma linayamba dongosolo la ADMADE m'madera ambiri. Ndalama za nyama zinamanga makalasi, zipatala zazing'ono ndi zitsime, ndipo kumene zinafikadi, kupha mobisa kunacepa.

Maiko anazindikiranso kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1989 a cipangano ca CITES analetsa malonda a minyanga pakati pa maiko. Pa 8 September 1994 maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Afrika anasaina mumzinda muno cipangano cochedwa Lusaka Agreement, cakuti athandizane kugwira ozembetsa nyama ndi minyanga podutsa malire. Ofesi yake inakhala ku Nairobi, koma dzina la Lusaka linatsala pa cipanganoco.

Lamulo la 1998 linakhazikitsa bungwe la Zambia Wildlife Authority, kapena ZAWA, ndi makomiti a m'midzi ochedwa Community Resource Boards, oyenera kulandira gawo la ndalama pamodzi ndi mfumu yao. Mu 2003 zipembere zakuda zisanu zinatengedwa pa ndeke kucokera ku South Africa kunka ku North Luangwa, ndipo mtunduwo unayambanso kuswana m'dziko lino. ZAWA inabvutika ndi ngongole, ndipo makomiti anadandaula kawiri-kawiri kuti gawo lao licedwa kufika. Lamulo la 2015 linathetsa ZAWA ndi kubweza nchitoyo m'boma, pansi pa Department of National Parks and Wildlife. Linaikanso cilango cosacepera zaka zisanu m'ndende kwa wopezeka ndi minyanga popanda cilolezo.

Koma mlandu wina malamulo awiriwa sanaugamule: sanaike malipiro kwa munthu amene munda wake wadyedwa ndi njobvu, kapena amene mbale wake waphedwa. Mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa ku Malawi kucokera ku Liwonde kunka ku Kasungu, pa malire ndi Zambia. Njobvu sidziwa malire, ndipo alimi a ku Lumezi ndi Lundazi analira cimanga cao, ena nalira maliro. Kwa iwo funso lakale lija likali lamoyo: ngati nyama iri ya boma, woononga ndi wa yani?

GAWO LA MUNTHU WA M'TAUNI

Mu 2015 nyama zinabwerera ku Lusaka. Kum'mwera cakum'mawa kwa mzinda, mbali yomweyo ya mseu wa Leopards Hill, inatsegulidwa Lusaka National Park, paki ya makumi awiri ya dziko lino. Ndi yaing'ono, yochingidwa ndi waya, ndipo nyama zake, monga mbidzi, nchefu, nyamalikiti ndi nswala, zinacita kubwera pa magalimoto. Mwana wobadwira ku Kabwata kapena ku Chelstone angathe tsopano kuona ndi maso ake nyama zimene agogo ake anali kuzisimba m'nthano.

Koma pali nyama zina zolowa mumzinda mwa njira ina. Mseu wa Great East, wocokera ku Chipata ndi ku mlato wa Luangwa, ulowa m'tauni ca ku Chelstone, ndipo miseu yocokera ku Mumbwa ndi ku Kafue ilowa mbali zina. M'miseu imeneyi mudzera matumba a nyama yowamba, obisika pansi pa makala kapena nsomba, ndipo ogula ake ali m'makomboni ndi kumayadi komwe. Wogulayo aganiza kuti wagula ndiwo cabe. Koma khwekhwe la waya silisankha: ligwira njati, ligwira mkango, lidula citamba ca mwana wa njobvu. Wocha khwekhweyo, munthu wosauka wa kumudzi, ndiye apita kundende, pamene wodya akhala pa mpando. Ndipo nyama iri yonse yophedwa motero icotsa ndalama m'thumba la komiti ya kumudzi, zimene zikadagula malata a sukulu. Ilipo nyama ya m'thengo yololedwa, yocokera m'mapulazi owetera nyama ndi yogulitsidwa m'mabuchara a cilolezo. Wofuna kulawa za kwao ali nayo njira yoyera.

Mbiri iyi ya zaka zoposa zana iphunzitsa cinthu cimodzi. Nyama zinacoka m'manja mwa mfumu kunka kwa Kampani, kwa boma la Angelezi ndi kwa Pulezidenti, ndipo lamulo liri lonse linali lowawa koposa linzake. Koma nyama zinasungika pokhapo pamene anthu okhala nazo pafupi anaona gawo lao. Makolo anadziwa ici pamene anagawa minyanga iwiri ya njobvu, wina kwa mwini dziko, wina kwa wakupha. Lero gawo la munthu wa ku Luangwa ndi wa ku Kafue lidalira anthu awiri okhala m'tauni: wolemba lamulo pa Manda Hill, kuti atumize ndalama za kumudzi pa nthawi yake, ndi wogula ndiwo, kuti afunse kumene nyama yacokera asanaike mphika pamoto.